Mpando wa Malemu Pabwalo

Ntchito yokongoletsa m'nyumba inandipeza nditakhala pansi. Anali atandichotsa ku fakitale ya tiyi chifukwa cha pakamwa pangapa: kapitawo ananditchula waulesi, ine ndinamuyankha zonse zimene anzanga ankangong'ung'udza kumbali. Mkazi wanga ndiye anamva kutchalitchi kuti mayi Chikopa, amene amakonza m'nyumba za anthu, akufuna mwamuna wopaka penti ndi kunyamula makwerero. Ndinati, "Ine ndi ndevu zangazi ndizikanyamulira mzimayi makwerero?" Iye anati, "Ndevuzo tidya?" Kutacha ndinapita.

Ambiri amaganiza kuti wokongoletsa nyumba ndi wa mabwana okha. Makasitomala a mayi Chikopa anali aphunzitsi, anamwino, makalaliki a ku esiteti, anthu oti malipiro amatha mwezi usanafike pakati. Ankafunsa kaye kuti munthu ali ndi zingati, ndipo sankapyola pamenepo. Kudenga laimu, m'makoma penti ya madzi, ya mafuta pazitseko ndi pamafelemu basi. Kuno makoma amamwa chinyezi, ndiye ankagwira khoma ndi kuseri kwa dzanja. Likakhala lozizira, palibe kupaka. Tinkapala ndi sikirepa, kutseka ming'alu ndi fila, kukwecha ndi sandipepa, kenako rola. Nsalu ya makatani ankakagula ku Muloza, kuseri kwake n'kusokerako mashiti a pakaunjika kuti dzuwa lisadye mtundu. Mipando yakale sankataitsa. Vanishi ndi nsalu yatsopano, umayesa yachokera m'sitolo.

Koma chimene ankadziwika nacho ndi ichi: asanagule kanthu, ankatulutsa katundu yense wa pabalaza n'kumuika pabwalo. Ankati nyumba zambiri sizisowa zinthu, zimasowa popumira. Mwini nyumba akaona chipinda chopanda kanthu, ankabwezamo zofunika zokha. Ndinaona nyumba zikusintha tisanatsegule n'komwe chitini cha penti.

Tsiku lovuta linatipeza ku Likhubula, kwa amake Tadala, mphunzitsi wa pulayimale. Ankafuna pabalaza pawoneke bwino chinkhoswe cha mwana wawo Tadala chisanafike. Anatiuza kuti amuna awo, amene ankagwira ntchito ya zankhalango, anamwalira miyezi ingapo yapitayo. Chimene sanatiuze, ndipo ife sitinafunse, n'chakuti akuchimuna anali asanabwere kudzawasudzula, ndiye kuti kuwamasula pa ukwati ndi kunena za katundu wa malemu. Mwambo umenewo usanachitike, katundu satuluka pakhomo.

Ife tinatulutsa zonse: kabati, tebulo, wailesi, ndi mpando waukulu wa mkungudza umene malemu anakhoma okha. Sindikudziwa amene anathamanga nayo nkhani. Dzuwa lili pamutu anatsika pa kabaza a Makwinja, akulu awo a malemu, foni ili kukhutu, akuitanitsa lole.

"Alamu!" anakuwa ali kumsewu. "Mng'ono wanga sanawole n'komwe, mwatsegula kale msika? Ngati katunduyu wakukwanani, ndikumutenga lero lomwe."

Amake Tadala anakhala pansi pakhonde akulira. Ndinadziwa kuti lole ikafika, alendo a chinkhoswe adzapeza nyumba ya makoma okhaokha, ndipo mayiyo dzina la wogulitsa za malemu silidzawachoka. Ndinayesa kufotokoza ndili pamakwerero. A Makwinja anati, "Iwe wa rola, tseka pakamwa. Ndiwe wogula eti?"

Magazi anandikwera. Ndinatsika mtengo wa rola uli m'manja, ndipo ndikunena zoona, sindinkapita kukapaka. Mayi Chikopa anaima kutsogolo kwanga osakweza mawu. "Bambo Juwawo, fila akuuma m'ndowa. Kamalizeni khoma lija." Ndinalowa, n'kumamvera pawindo.

Mayi Chikopa, amene makalaliki ankawavulira chipewa, anagwada pansi ponyowa pamaso pa a Makwinja. "Bambo, wolakwa ndine. Alamu anuwa sanatulutse ngakhale supuni. Ndatulutsa ndine, osafunsa. Pepani. Palibe chikugulitsidwa pano."

"Pepani sabweza ulemu," anatero a Makwinja.

"Zoona. Koma poti mwafika, ndithandizeni pamene ndalephera. Ine malemu sindinawadziwe. Alendo a mwana wanu Tadala akadzalowa, mpando wa bambo ake adzaupeze pati? Ankakonda kukhala mbali iti?"

A Makwinja anayang'ana mpando uja nthawi yaitali, kenako anaika foni m'thumba.

"Ankakhala pawindo, kuyang'ana phiri la Chambe," anatero. "Mpaka anagula chikabati ichi n'kutseka windolo. Ndinamuuza kuti wapenga."

"Ndiye kabatiyo tiike kuti?"

Basitu. Munthu amene anabwera kudzalanda katundu anavula jekete n'kuyamba kutilamula. Kabati inapita kukhoma la kukhitchini. Mayi Chikopa anali atakonza zopaka mpandowo vanishi, koma a Makwinja anakana, akuloza pamene manja a mng'ono wawo anasalalitsa thabwa. Mayi Chikopa sanatsutse, anangoupukuta ndi nsalu youma. Tinaunyamula awiri, ine ndi a Makwinja. "Iwe wa rola, gwira bwino, si thumba la tiyi limeneli." Ndinaluma lilime mpaka kumva kuwawa.

Lole itafika, a Makwinja anaibweza okha. Anakhala pampando paja, phiri lili mbee pawindo, n'kuitana amake Tadala. "Alamu, tachedwa ndife. Tibwera ndi abale tidzamalize mwambo, chinkhoswe chikupezeni muli omasuka."

Pobwerera ndinauza mayi Chikopa kuti akanandisiya, mdala uja akanadziwanso. Anaseka. "Mukanamumenya, bwenzi inu muli kupolisi, kabati ili pa lole. Ndipotu sanalakwe kukwiya. Tinakhudza za m'bale wake."

Ndinagwira nawo ntchito zaka zingapo, ndipo sindinaonenso munthu wodziwa nyumba za anthu ngati iwo. Pano ndimapeza makasitomala anga. Kupsa mtima sikunathe, mkazi wanga angachitire umboni. Koma ndikalowa pabalaza pa munthu, tepi yoyezera imakhala kaye m'thumba. Ndimaloza chinthu chimodzichimodzi n'kufunsa kuti mwini wake ndani, ndiponso ngati pakhomopo panagwa maliro. Yankho likachedwa, sindisuntha kanthu mpaka abwere oyenera.