Udzu wa Nyumba ya Khonsolo Unandilowa M'diso

Poyamba ndinangomva ngati kachitsotso. Linali Lachiwiri, kumayambiriro kwa Okutobala, ndili pamwamba pa denga la nyumba ya khonsolo kuno kwa Nkhulambe. Ndikumasula mtolo, nsonga ya udzu inandikwapula diso lakumanzere. Ndinatikita ndi mkono wa malaya n'kupitiriza ntchito.

Ine ndine wofolera, ntchito yomwe ndinaphunzira kwa malemu bambo anga. Iwo anali m'gulu la amisiri amene anamanga nyumba zitatu zomwe khonsolo inkasungiramo antchito ake kalelo. Anazimanga monga timangira kwathu kuno: makoma a zidina, mapaso a mitengo ya m'phiri, nsungwi zomanga ndi luzi, khonde kuzungulira nyumba yonse, pansi pozira. Ziwiri zinagwa. Yotsalayo mumakhala a Mereya, alangizi athu a zaumoyo. Ankanena kuti sangaisinthanitse ndi ya malata chifukwa mumazizira ngakhale dzuwa liswe mtengo. Udzu wake unali utatha, ndipo ndinawalonjeza kuti mvula yoyamba idzapeza denga latsopano.

Lachitatu diso linadzuka lofiira, misozi ikungotuluka. Ndinasukusula ndi madzi amchere. Lachisanu manthongo anali atamata zikope, ndipo kuwala kwa dzuwa kunkandilasa. Ndinafinyiramo madzi a masamba monga ndinkaonera anthu akuchita. Ululu unangokula, mutu mbali yonseyo n'kumagunda. Komabe ndinkakwera padenga nditamanga kansalu kudiso, chifukwa udzu wakale ndinali nditasasula theka, nyumba ili yasa.

A Mereya anali atapita ku maphunziro. Atabwera Lolemba anandiitana kuti nditsike, n'kundichotsa kansalu kaja.

"Bambo Likhutcha, pakati pa diso pali kadontho koyera. Padengapo musakwerenso. Mawa lomwe muli kuchipatala."

"Nanga nyumba yanuyi, mvula ikabwera?"

"Tiyalapo pepala lapulasitiki. Ine ndinganyowe, koma diso silidikira."

Akazi anga, a Esinati, anandiperekeza pa kabaza mpaka kuchipatala chathu chaching'ono. Kumeneko anatilembera kalata ya ku boma, ndipo a ku boma anatitumiza ku chipatala cha maso ku Blantyre. Tinafika Lachinayi m'mawa, patatha masiku asanu ndi anayi chindikwapulireni udzu uja. Tinakhala pabenchi mpaka masana. Adokotala anandidonthezera mankhwala achikasu, n'kundiunika ndi nyali ya buluu chibwano chili pa makina. Anapala pang'ono pa kadontho kaja kuti akayeze.

"Muli ndi chilonda pagalasi la diso," anatero adokotalawo. "Udzu umalowa ndi tizilombo take. Mukanachedwanso sabata imodzi, diso likanabooka."

Anandigoneka. Mankhwala anali odontheza, ola lililonse, ndipo anesi anawaphunzitsa a Esinati kukoka chikope cham'munsi osakhudzitsa botolo. Iwo ndiwo ankasunga nthawi, ankandiphikira kukhitchini ya odikirira odwala, ankanditsogolera kubafa. M'mawa uliwonse tinkafola kupita kukayezedwa. Ankanditseka diso labwino n'kufunsa zala zomwe akweza. Sabata yoyamba ndinkangoona mthunzi wa dzanja. Mantha anandigwira, pakuti wofolera wa diso limodzi sadziwa bwino polekeza phazi.

M'wodimo tinkakhala mwamtendere. Ambiri anali achikulire odzachotsedwa ng'ala, ndipo masana tinkacheza za mbewu ndi mvula. Pa tsiku lakhumi ululu unachepa. Pa tsiku lakhumi ndi chitatu ndinawerenga zala zitatu za anesi osaphonya. A Esinati anaomba m'manja anthu n'kutembenuka.

Ananditulutsa patatha masabata atatu, ndi mabotolo awiri komanso lamulo loti ndisayandikire fumbi mwezi wathunthu. Mvula yoyamba inagwa ndili pakhonde la kwathu. Pepala lija linathandiza, ngakhale khoma lakum'mawa linanyowa pamwamba, zidina zingapo n'kusungunuka. A Mereya anasuntha bedi lawo, sanadandaule.

Nditapita kukaonedwanso, adokotala anandilola kugwira ntchito, koma ndivale magalasi otchinga. Ndinakonza khoma lija, kenako ndinafolera mbali yotsalayo m'masiku asanu opanda mvula. Pansi pa udzu wakale ndinapeza mfundo za luzi zomangidwa mobwereza kawiri, mamangidwe a bambo anga. Zina zinali zolimbabe, ndipo ndinazisiya momwemo.

Lero ndili bwino. Pa diso patsala kachipsera koyera, ndipo zinthu zakutali ndimaziona ngati kuli utsi pang'ono. Koma ndimawerenga Baibulo, ndimapalasa njinga, ndimakwera padenga. Nyumba ija sidontha, ndipo amayi akabwera ndi ana kusikelo amakhala pakhonde pake.

Kwa anzanga ofolera, omweta udzu, okolola chimanga ndi omenya nandolo, ndikuti: kanthu kakakukwapulani m'diso, n'kugona, n'kudzuka kukupwetekabe, musathiremo mchere kapena masamba. Pitani kuchipatala tsiku lomwelo. Ine ndinakakamira ntchito poopa kusiya denga latheka, ndipo denga lomwelo linadzandidikira miyezi iwiri.