Ndinawatuma Khadi, Anabwera ndi Pulinta

Amene anandilakwira ndi achimwene anga aakulu, oyamba kubadwa m'nyumba mwathu, mphunzitsi pa sukulu ya mishoni komanso mkulu wa mpingo. Ndinawapatsa ndalama zanga za fodya kuti akandigulire khadi la zithunzi la kompyuta ku Mzuzu. Anapita, khadilo analiona ndi maso awo, analigwira m'manja, kenaka anabwerera kwathu ndi pulinta.

Ndifotokoze kaye za kompyutayo. Ine sukulu ndinalekezera fomu yachiwiri. Ndinayambana ndi aphunzitsi ena pa nkhani ya kuchedwa, mawu anakula, m'mawa mwake sindinapitenso. Mtima wanga ndi wapachala, pa Mhuju palibe amene sadziwa. Ndinayamba kumeta anthu m'kachipinda kena kuseri kwa sitolo pa msika, dzinja n'kumalima fodya pa gawo langa la munda umene adada anatisiyira. M'kachipindamo ndi mmene ndinadziwirana ndi bambo wina wa ku Ntcheu, mlangizi wa zaulimi, amene ankabwera kudzameta ndevu. Atawasamutsa, anati kompyuta yawo yakale sangayende nayo. Anandigulitsa motchipa, n'kuwonjezapo mapadi awiri, aja timagwira m'manja posewera gemu.

"Aphwanga, iyi ndi nkhalamba ngati ine," anatero pondipatsa. "Mukamaikalipira muzikumbukira zaka zake."

Kompyutayo inkandithandiza kuika nyimbo m'mafoni a anthu, koma chimene ndinaikondera ndi gemu ya mpira. Vuto linali loti osewera ankathamanga ngati ali m'matope a kudambo. Ukati umenye mpira, chithunzi chimaima, pomwe chizidzayendanso wagoletsedwa kale. Tsiku lina kondakitala wa minibasi anandichinya mwa njira imeneyi, n'kuyamba kuvina pakhomo. Ndinaponya padi pakhoma. Mpaka lero ndi yomanga ndi mphira.

Chaka chimenecho, pakati pa kupalira ndi kuthyola fodya, ndinkagula kabandulo ka intaneti n'kumaonera pa foni anthu akumasula makompyuta. Chingerezi chawo chinkathamanga, koma manja awo ndinkawamva. Ndinapeza kuti nkhalamba yanga inkafuna zinthu zitatu: ramu, disiki yatsopano ndi khadi la zithunzi. Ramu ili ngati mphasa yoanikapo, ikachepa zinthu zimaunjikana. Disiki imafulumizitsa kuyaka. Koma khadi ndi limene limajambula zonse zooneka pa sikirini, ndipo matope aja ankachokera pamenepo. Ndalama zimene ndinkayembekezera zinali za chinthu chimodzi basi, ndiye ndinasankha khadi.

Kusankha khadilo kunali kokoma kuposa mmene munthu angaganizire. Makhadi akuluakulu a mafani awiri ndinkangowayang'ana ngati mmene timayang'anira galimoto za alendo zopita ku Nyika. Kompyuta yanga inali yopyapyala, zija za m'maofesi, ndipo bokosi lake la magetsi linali lofooka. Ndinkafunika khadi lalifupi, losafuna chingwe chake cha magetsi, logwiritsidwapo kale ntchito. Ndinaitsegula, ndinapopa fumbi ndi pampu ya njinga mpaka ndinayetsemula, ndinayeza malo a khadi ndi phesi la udzu n'kulidula pomwe pathera. Ndikamasoka fodya m'chigafa ndinkangoganiza za makhadi, ili ndi ili, ili lingatenthe, ili lingakwane. Amama ankati ndikuyankhula ndekha ngati wogwidwa mizimu.

Mabelo anga oyamba atagulidwa, ndinapeza munthu wa kashopu ku Mzuzu amene anali ndi khadi lenilenilo. Tinayankhulana pa foni, anati andisungira mpaka Loweruka. Koma Loweruka lomwelo ndi limene jeke yodindira mabelo inali kubwera kwathu. Jekeyo imayenda mudzi wonse, ukaiphonya umadikira mpaka onse amalize, fodya akungoonongeka m'chigafa.

"Tuma akulu ako," anatero amama. "Akupita ku msonkhano komweko."

Kwathu chimwalirireni adada, chinthu chachikulu sichigulidwa mkulu asakudziwa. Njinga, malata, ngakhale mbuzi, zonse zimadutsa kwa achimwene. Kukana kuwatuma amama atanena kale kukanakhala ngati ndawatukwana. Ndinawapatsa ndalama, nambala ya munthu uja ndi phesi lija.

"Likakhala lalitali kuposa udzu uwu, musatenge," ndinawauza.

Analitembenuza phesilo m'manja, n'kuseka. "Ndiye ndizikayenda m'tauni ndi udzu m'thumba la jekete?"

"Inde, achimwene."

"Chabwino, mphwanga. Tiona."

Mawu akuti tiona aja ndikanayenera kuwamva bwino.

Anabwera Lamlungu masana. Ndinali pakhonde ndi amama, manja akali kununkha fodya. Nditaona bokosi lalikulu pa keliyala ya kabaza, ndinadziwa kuti si langa. Khadi lija munthu akhoza kuliika m'thumba la malaya.

"Ndakugulira chinthu chanzeru," anatero akukhala pampando. "Ndinakafika kwa mnzako uja. Kachitsulo kakang'ono chonchi, kakale, ati n'koseweretsa mpira. Ndinati ayi. Fodya wa m'munda wa adada sangagule zidole. Iyi ndi pulinta. Anthu azibwera kudzasindikiza, mpingo uzisindikiza, iwenso uoneke ngati munthu."

M'makutu mwanga munayamba kulira. Ndikanakhala pamsika, wina akanagona pansi tsiku limenelo. Koma amama anali pomwepo, akuyang'ana bokosilo mosangalala, akuthokoza mwana wawo woyamba kuti "yewo chomene", ndipo kwathu wamng'ono sabweza mawu kwa mkulu pamaso pa amake. Ndinaimirira, ndinamenya ndowa ndi phazi mpaka inakagwera m'maluwa, ndinapita kumunda. Ndinakazula mapesi a fodya amene sanali ofunika kuzulidwa tsiku limenelo, mpaka manja anatuluka matuza. Madzulo ndinayimbira wa kashopu uja, anati khadilo watenga wina.

Pulintayo inakhala m'bokosi mwake pansi pa benchi ya ometedwa kwa nthawi ndithu. Ndinkaponderapo mapazi. Kenaka kunachitika maliro kumtunda kwa msika, abale a malemu anabwera kudzapempha kuti ndiwasindikizire ndondomeko ya mwambo. Maliro sukana. Ndinaitulutsa, ndinailumikiza, inagwira. Sabata yotsatira kunabwera a ukwati, kenaka amayi a chigwirizano ndi nyimbo zawo, kenaka ofuna ntchito ndi mapepala awo a sukulu. Ndisaname, pulintayo inkabweretsa ndalama kuposa kumeta. Chimenechi chinkandipsetsa mtima kwambiri. Ndinkafuna itafa kuti ndikhale ndi chonena, koma inkangolavula mapepala bwinobwino.

Ndinayamba ndi ramu, chifukwa inali yotchipa ndipo dalaivala wina amene ndimamumeta anandibweretsera. Matope aja anachepa pang'ono. Chilimwe chitafika, ndalama za khadi zinakwananso. Ulendo uno sindinauze munthu. Ndinatseka kachipinda, ndinakulunga kompyuta yonse m'chitenje cha amama, ndinakwera nayo minibasi itakhala pamiyendo ngati mwana wodwala.

Tsiku la ku Mzuzu lija ndimalikumbukira ndi chimwemwe. Wa kashopu uja anali munthu wonenepa, woseka msanga. Atangondiona ndi chitenje n'kumva dzina langa anati, "Ndinu mng'ono wa mkulu wa pulinta uja eti? Anandilalikira ine pano mpaka makasitomala anathawa." Anatulutsa makhadi atatu n'kuwayala patebulo. Loyamba linali lamphamvu, koma lofuna bokosi lina la magetsi, ndipo ndalama zanga sizikanafika pa zonse ziwiri. Lachiwiri linali lotchipa, koma fani yake inkalira ngati chigayo. Lachitatu linali laling'ono, lachete, lokalamba pang'ono kuposa lija ndinaphonya. Tinaliyesa m'kompyuta yake, ndinaika chala pafupi ndi fani kumva kutentha, ndinasewera theka la gemu nditaimirira. Ndinkafunabe loyamba lija, ndinalinyamula kangapo n'kulibwezera.

"Mukatenga ilo muzikaliyang'ana pa shelefu," anatero. "Tengani limene mukasewere mawa."

Ndinatenga lachitatu. Vuto linali limodzi: kachitsulo kake kakumbuyo, komangira ku bokosi, kanali kakatali, chivundikiro sichinkatseka. Iye analibe kakafupi. Nditafika pa Mhuju ndinapita nako kwa mmisiri wokhoma ndowa. Anakayang'ana, anafunsa ngati n'ka wailesi, anakadula ndi sizasi ya malata, anakapinda pa chidutswa cha njanji chimene amakhomerapo ndowa, anakasalaza ndi tupa. Kanalowa ngati kanabadwira momwemo.

Nditayatsa, udzu wa m'bwalo la mpira unaoneka ngati udzu. Osewera ankathamanga ngati anthu. Ndinakhala pa benchi ndekha, padi m'manja, ndikungothamangitsa wosewera mmodzi uku ndi uku osamenya n'komwe mpira. Munthu wina anabwera kudzameta, ndinamuuza kuti magetsi athima, chonsecho sikirini ikuwala pamaso pake. Anaseka, anakhala pansi, anatenga padi inayo.

Kuyambira pamenepo masana a pa kachipinda kanga anasintha. Kondakitala uja ankabwera minibasi ikamadikira kudzaza, dalaivala akuliza hutala iye akukuwa kuti, "Mphindi imodzi, bwana, ndili pa penate!" Wogulitsa nyama ankasiya mkazi wake pa butchala, n'kubwera ndi manja a mafuta, ine n'kumukakamiza kusamba kaye. Msilikali wina wa zanyama wa ku Thazima, akakhala pa tchuthi, ankasewera mwakachetechete ngati akulondola mapazi a nyama, ndipo ankatichinya tonse. Ine ndikaluza ndinkakalipabe, koma tsopano ndinalibe chonamizira, ndipo anzanga ankadziwa.

"Lero ndi khadi kapena ndi miyendo, bwana wometa?"

Sindinkalipiritsa munthu posewera. Kompyutayo inali yanga, ndinaisankhira ndekha chilichonse chili m'kati mwake, ndipo ndinkakonda kuona anthu akuikondwerera. Disiki ndinati idikire fodya wina.

Achimwene anafika Loweruka lina masana ndi mapepala a mpingo oti ndisindikize. Anapeza kachipinda kadzaza, anthu ena akusuzumira pawindo. Onse anaimirira kuwapatsa moni, gemu inaimitsidwa, wogulitsa nyama anawapatsa malo pa benchi. Ndinayamba kusindikiza. Iwo anayang'ana sikirini nthawi yaitali, ndipo ndinaona kuti phazi lawo likugwedezeka pamene gemu inayambiranso.

"Ndiye kachitsulo kaja unagulabe?" anafunsa.

"Ndinagula, achimwene."

Anatembenukira kwa anthu aja akumwetulira. "Mukuona, abale? Mwana uyu anakwiya nane chaka chatha, anamenya ndowa ya amama. Koma zonse mukuseweretsazi zagulidwa ndi pulinta imene ndinamusankhira ine. Wamng'ono amafunika womuganizira." Anthu anaseka mwaulemu. Kenaka anandiyang'ana. "Ndamva kuti ukufunanso china, disiki kaya chiyani. Lachisanu ndikupita ku Mzuzu. Ubweretse ndalamazo kunyumba, ndikaone chimene chingakuthandize."

Kulira kuja kunayambanso m'makutu. Kondakitala, amene amandidziwa bwino, anasuntha padi kuichotsa pafupi ndi dzanja langa. Ndinadikira pepala lomaliza lituluke. Ndinasonkhanitsa mapepalawo, ndinawalinganiza patebulo, ndinawapereka ndi manja awiri. Pamaso pa anthu sindinafune kuwachititsa manyazi, choncho ndinati ndiwaperekeze. Tinayenda mpaka kuseri kwa sitolo, pamene anaimika njinga yawo. Ndinagwira chiwongolero kuti asakwere msanga. Sindinakuwe.

"Achimwene, pulinta ija ndi yabwino, yandithandiza, yewo chomene. Koma si imene ndinakutumani. Fodya uja ndinalima ndine, ndipo chimene ndinkafuna ndinkachidziwa. Sukulu ndinaleka, inde, koma mutu sindinausiye kumeneko. Mapepala a mpingo muzibwera nawo, ndizisindikiza ulere. Mukafuna kusewera, padi ilipo. Koma ndalama zanga simudzanyamulanso. Ku Mzuzu ndizipita ndekha."