Dzira la Zakeyu ndi Chala Changa Chopindika

Ine Rosa ndikukumbukira ndili ndi zaka khumi, mlongo wanga Zakeyu akudwala. Anali ndi zaka ziwiri, mimba yotupa, tsitsi lofiira ngati ndevu za chimanga. Amayi ankachapa zovala kwa Irima, sisitere wina wa ku Italiya, ku Furancungo, ndipo tsiku lina anabwerako ndi kambale kokutira ndi nsalu.

Munali bolo, keke wachilendo, wosanjikiza: pansi bulasha, mabisiketi aja, zonyikidwa mu kafe, amene ena amati khofi, pamwamba phala loyera la mazira ndi mkaka, kenako bulasha zina. Irima ankati dzina lake ndi tiramisu. Ine ndinangonyambita chala. Zakeyu, amene ankalavula phala lililonse, anamaliza mbale yonse.

Dzuwa likupendeka, manja ake anayamba kunjenjemera, kamtima kakugunda mpaka kuonekera panthiti. Abambo atabwera kuchokera kumunda wa fodya anafunsa chimene mwana wadya. Amayi anafotokoza.

"Munali mazira?"

Amayi anavomera ndi mutu. Kwathu mwana wamng'ono sankadya dzira, ankati limabweretsa khunyu.

"Iwe make Rosa, ukufuna kundiphera mwana?"

Abambo anaswa mbale ija pakhoma. Anakokera amayi pabwalo ndi tsitsi, n'kutola mpini wa khasu. Anawamenya kumsana, m'nthiti, amayi atazika nkhope m'fumbi, magazi akutuluka m'kamwa. Ndinathamangira pakati pawo. Mpini unagwera padzanja langa, chala chaching'ono n'kuthyoka.

M'mawa tinapita kuchipatala. Namwino anamanga chala changa, n'kuyang'ana Zakeyu amene anali atasiya kunjenjemera.

"Dzira silinalakwe, bambo. Wathamangitsa mtima ndi kafe, ameneyo ndi wa akuluakulu. Mwanayu akutupa chifukwa chosowa mazira ndi nyemba zomwezo. Muzimuphikira."

Panjira abambo anati namwinoyo ndi mwana, sadziwa za kwathu. Koma kuyambira pamenepo amayi ankabisa dzira m'chitenje, n'kukaliwiritsira kumunda mu kachitini. Makoko ndinkakwirira ine pansi pa mzere wa mbatatesi. Mimba ya Zakeyu inaphwa. Lero amayendetsa njinga yamoto ku Tsangano.

Ine sindidziwa kutsutsana ndi akuluakulu. Koma ndinazindikira kuti abambo anamenya chifukwa cha mantha, ndipo mantha awowo akanamupha mwanayo. Ndikamasenda dzira la mwana wanga, apongozi amandiyang'ana ndi diso lomwe lija la abambo. Ndimawerama, n'kupitiriza kusenda ndi chala changa chopindikachi, pabwalo, onse akuona.