Sitefano ndi sipoko za njinga yanga

Lachiwiri lapitali njinga yanga inandichita chipongwe. Ndinali nditamanga thumba la kachewere pakaliyala, ndikutsetsereka kuchokera ku Mphunzi kuti ndikapeze lole ya ogula kumsewu waukulu. Pa Kaphuka gudumu lakumbuyo linagunda mwala, sipoko n'kuthyoka, gudumu n'kupindika. Lole ikanandisiya, kachewereyo ndikanamugulitsa kwa yani? Mayi a kunyumba anali akudikira feteleza.

Mayi wina wogulitsa kabichi anandilozera pakhonde la sitolo ya Che Amidu. "Pitani apo, bambo, pali mmisiri."

Mmisiriyo anali Sitefano, mwana wa malemu a Nachisale a m'mudzi mwathu. Bambo ake anapita ku Joni iye ali wakhanda, osabwerako. Mwendo wake wina unapuwala ali wamng'ono, ndipo sukulu anaisiyira panjira chifukwa cha mtunda. M'mudzi tinkangopukusa mitu n'kumati, "Kalanga, uyu adzakhala wopemphapempha."

"Khalani pabenchipo, amalume," anatero akutembenuza njinga. "Lole simuiphonya."

Ndinamufunsa kumene anaphunzira zimenezi.

"Ndi amayi a ku parishi ya Kabwazi aja," anayankha osadzutsa mutu. "Anabwera kwa agogo n'kundifunsa kuti, 'Manja ako ali bwinobwino, ukufuna ntchito yanji?' Chibadwire palibe amene anali atandifunsapo funso limenelo."

Amayiwo ali m'kagulu kothandiza ana amasiye, ndipo si kakakulu ayi. Ndi amayi ndi abambo ochepa, alimi ngati inu ndi ine. Akakolola, aliyense amatapa chimanga kapena nyemba, n'kumadyetsera ana amasiye amene awatula kwa amisiri. Mnyamata wina akupala matabwa m'tauni ya Dedza, atsikana ena akupalasa makina osokera. Khondelo anapereka ndi Che Amidu, Msilamu, osafunsa n'komwe kuti mnyamatayo amapemphera kuti.

"Eni njinga akamadikira amandigula sopo," anatero mkuluyo akuseka. "Ndiye waluza ndani?"

Abale anga, chisoni ife timachitha. Pamaliro timalira mpaka mawu kusasa, ndipo timalonjeza kuti anawa ndi athu tonse. Nanga tikamwazikana? Mwana wamasiye timamupatsa malaya akutha, ntchito yake n'kukhala yotilisira mbuzi. Akuluakulu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe, ukachenjera manja udya naye. Amayi a ku Kabwazi sanautchule mwambiwu, angouchita.

Atamaliza kukonza, Sitefano anapukusa gudumu, linayenda myaa, osagwedera. Lole ndinaipeza akupakirabe matumba, ndipo feteleza ali m'nyumba pamene ndikulemba pano. Ndamva kuti mnyamatayo watumiza kale ankhoswe kwa mtsikana wina wa ku Kaphuka komweko, ndipo amayi aja akumupempha kuti chaka chamawa nayenso atenge wophunzira wake.

M'mudzi mwanumo muli mwana amene mumangomupukusira mutu akamadutsa. Kodi munamufunsapo ntchito imene amafuna?