Chipinda cha Torika pa Njira ya ku Doko

Linali Lamlungu masana, anthu atangoweruka ku tchalitchi. Banja la a Inoke linakhala pamkeka kuzungulira chakudya: dalo, amene ndi koko wa kuno, chinangwa ndi nsomba yophikira mkaka wa kokonati. Mkazi wawo, Torika, anali chapambali pa njinga yake ya olumala, mbale ili pamiyendo.

A Inoke anayamba kufotokoza za ukwati wa mphwawo umene unali kudzachitika kutsidya la nyanja, ku chilumba chachikulu. Ana awiri aang'ono anali atayamba kale kukangana za amene adzakhale pawindo m'basi akadzatsika sitima.

"Pitani nokha," anatero Torika. "Mudzandiuza pobwera mmene zayendera."

"Mayi a Unaisi, ukwati wa pachibale ungachitike inu kulibe?"

"Ine ulendo ndinathana nawo, bambo. Musandifunsenso."

A Inoke anabwerera ku mbale yawo. Onse ankadziwa chimene chinamufikitsa pamenepo.

Torika anasiya kuyenda chaka chimene namondwe anagwetsera mtengo wa mango pakhitchini yake, iye ali momwemo. Zimenezo anazipirira. Anaphunzira kuphika ali panjinga, anapitiriza kuluka mikeka, ngakhale nkhuku ankaziingitsa yekha. Chimene chinamufooketsa ndi chipinda cha hotelo ina ku Suva, likulu la dziko lino.

Anapitako kukaonerera mwana wawo woyamba, Unaisi, akulandira satifiketi ya unamwino. Pafoni, a ku hoteloyo anati chipinda cha olumala chilipo. Atafika anapeza kachipinda ka bedi limodzi lopapatiza ngati la kuchipatala. Wolandira alendo anawauza mwaulemu kuti mmenemo mumagona anthu awiri basi, wodwala ndi womusamalira. Ana akagone m'nyumba ina, m'chipinda cham'mwamba.

"Ine sindikudwala," anatero Torika. "Ndine mayi wa ana awa."

"Pepani amayi, ndi mmene anachikonzera."

Ana aja analira poopa kugona okha kuchilendo, ndipo a Inoke anangokhalira kukwera ndi kutsika masitepe. Kutacha, njinga inakana kulowa pakhomo la bafa. Torika anangodzipukuta ndi kansalu konyowa, kenako anavala diresi lake latsopano nkukakhala kumbuyo kwenikweni kwa holo, kuopa kuyandikana ndi anthu. Dzina la mwana wake likutchulidwa, iye mutu unali pansi.

Kuchokera tsiku limenelo sankapitirira pakhonde la nyumba yake.

Koma khonde la Torika limayang'ana msewu wotsikira ku doko la Nabouwalu. Anthu akutali amafika madzulo kuti akwere sitima ya m'mawa, ndipo iye ankawaona tsiku ndi tsiku akutsika ndi akatundu awo.

Sabata imene a Inoke ndi ana anali ku ukwati kuja, lole ina inatsitsa banja lokhala ndi mtsikana wa panjinga ngati yake. Bambo wa mtsikanayo anakwera masitepe a nyumba yogona alendo, anatsika akupukusa mutu. Anayesa ina, chimodzimodzi. Kenako anayamba kuyala lona pansi pa shedi yodikirirapo sitima.

Mtima wa Torika unakana. Anawakodola, ndipo anagona pabalaza pake, mopanikizana choncho. Akumwa tiyi m'mawa, mayi wa mtsikana uja anati, "Kulikonse tikafika amatigawa pakati, achemwali. Ndiye bola pashedi, tili pamodzi."

Mawu amenewo sanamuchoke Torika m'mutu. A Inoke atangofika, asanatsitse nchikwama chomwe, anawaitana.

"Bambo a Unaisi, nyumba ya malemu bambo anga ija ikungogona makoswe. Ndikufunamo chipinda chimodzi. Chachikulu, choti banja lonse ligone pamodzi. Wa njinga azilowa yekha, kusamba yekha, kutuluka yekha."

A Inoke anaika chikwama pansi. Kunali koyamba kumumva akufuna kanthu chibwerereni ku Suva.

"Mawa ndikauza anthu," anatero.

Kwathu kuno ntchito yaikulu sugwira wekha. Ukanena, mudzi umabwera ndi zikwanje ndi mafosholo, azimayi nkuyatsa moto wophikira. Timati solesolevaki. Wotsogolera ntchitoyo anali kalipentala Waisale, msuweni wake wa Torika, munthu wamimba yake ndi pakamwa posatseka. Msuweni umamunyoza mmene ungafunire, iye nkungoseka, mawa nkukubwezera.

Nyumba ija inamangidwa pa nsanamira zazitali chifukwa cha madzi osefukira. Torika atanena zoti pakhale njira yokwera pang'onopang'ono m'malo mwa masitepe, Waisale anaseka chikhakhali.

"Iwe Torika, simenti yonseyo tiwonongerenji? Mudzi uno uli ndi anyamata a ragibi odzaza lole. Mlendo akafika tidzangomunyamula ndi njinga yake yomwe, mpaka pabedi!"

Azibambo onse anavomereza. Sankanena mwachipongwe ayi. Kwathu kunyamula munthu ndi chikondi. Timanyamula agogo kupita nawo ku tchalitchi, timanyamula wodwala kuwoloka naye mtsinje, ndipo palibe anaganizapo kuti wonyamulidwayo mwina satero nkufuna.

"Waisale, ine si thumba la dalo," anatero Torika. "Ndipo mlendo wanga akafuna kupita kuchimbudzi, aziyamba waitana timu yonse ya ragibi?"

Azimayi a kumoto anaseka. Waisale anakanda m'mutu.

"Chabwino, mfumukazi. Njira yako uipeza."

Anaimangadi. Inali yosalala, yopakidwa penti wobiriwira, koma yaifupi ndi yoima ngati denga. Simenti itauma anaitana anthu kuti adzaone luso lake.

"Kwera, msuweni. Ukafika pamwamba undithokoze mokweza, anthu amve."

"Uyambe ndiwe," anatero Torika. A Inoke anamuthandiza kukhala pabenchi, iye nkukankhira njinga kwa Waisale. "Khala apo. Mapazi asagunde pansi."

"Ine? Munthu amene ndimanyamula mtanda wa denga ndekha?"

"Eya, iwe wamphamvuwe."

Waisale anadzipanikiza m'njinga muja nkuyamba kupalasa magudumu. Poyamba ankaimba mluzu. Atafika pakati mluzu unatha, thukuta linayamba. Timagudumu takutsogolo tinanyamuka, manja anaterereka, ndipo njinga inabwerera chafutambuyo ili paliwiro. Inadutsa pabwalo, inabalalitsa nkhuku, nkukathera m'dimba la dalo. Anthu anangoona miyendo iwiri ili m'mwamba pakati pa masamba.

Kunali kuseka kogwira nthiti. Wina mpaka anataya chikombe mumphika.

"Waisale!" anafuula Torika, misozi ya chiseko ili m'masaya. "Tiitane anyamata a ragibi?"

Waisale anatuluka matope ali mpaka m'makutu. Anaseka nawo pang'ono. Anatsuka njinga ija bwinobwino pampope nkuibweretsa kwa mwini wake.

"Msuweni, tsiku lililonse umalimbana ndi zoterezi?"

"Tsiku lililonse, chimutu iwe."

Waisale anacheukira anzake. "Bweretsani nyundo. Tigumule."

Musaganize kuti zonse zinayenda ndi chiseko. Njira yabwino inayenera kukhala yaitali, yozungulira nyumba, yokhala ndi popumira pakati. Simenti inatha. Mvula inayamba, mchenga wina nkukokoloka. Torika ankaluka mikeka yogulitsa mpaka zala kuchita matuza, ndipo akagula matumba awiri ntchito inkayenda, akatha inkaima.

Ena anayamba kunong'ona. "Adzagonamo ndani? Anthu olumala amakhala pakhomo." Zitamufika, Torika anangoti, "Amakhala pakhomo chifukwa alibe kogona," nkupitiriza kuluka.

Waisale ndiye anasinthiratu. Anakabwereka njinga yakale kwa m'busa wina wopuma, ndipo sankakhoma msomali asanakhalepo. Ankayesa khomo, ankayesa mpope, ankayesa poyatsira magetsi. Pakhomo la bafa anali atamanga kakhoma kakafupi kotchinga madzi, monga timachitira tonse. Gudumu litakakamira pamenepo, anakagumula yekha osauzidwa, nkupendeketsa pansi kuti madzi azitsetserekera kukona.

Zitsulo zogwirira m'bafa zokha ndi zimene ankangobwera ndi zolakwika. Ulendo woyamba zinali zoonda, wachiwiri zazifupi.

"Maso ako ali kumimba," anatero Torika. "Ndikasankha ndekha."

Anali atakhala kale m'basi yopita ku tauni ya Labasa, mphepo ikumuomba kumaso, pamene anazindikira kuti ali paulendo. Anayang'ana a Inoke. Iwo ankayang'ana minda ya nzimbe pawindo, akumwetulira.

Unaisi atabwera patchuthi anapeza mayi ake ali pakhomo la chipinda chija, akukangana ndi Waisale za kukula kwa felemu.

"Amayi, mukudziwa kuti lamulo la dziko lino limati munthu wolumala ali ndi ufulu wofika paliponse pamene ena amafika?"

"Ndikudziwa mwanangu, ndipo ndi lamulo labwino. Koma lokha silingakulitse khomo ili. Gwira tepi uyo."

Mvula itakata, chipinda chinatha. Chinali ndi bedi lalikulu lofanana msinkhu ndi njinga, malo otembenukira pakati, ndi pansi pokwana mikeka ya ana ambiri. Unaisi anauza anamwino anzake, iwonso anauza ena.

Alendo oyamba anali a Shalendra Naidu, mlimi wa nzimbe amene anadulidwa miyendo chifukwa cha matenda a shuga. Anabwera ndi mkazi wawo Kamla ndi ana atatu, paulendo wokaona m'bale ku Suva. Torika tsiku limenelo sanadye. Ankaopa chinthu chimodzi: kuti munthu angachite manyazi pansi pa denga lake, ngati mmene iye anachitira kwa eni.

Galimoto itaima, Kamla anatsika nkuyang'ana nyumba, kenako ana ake.

"Anawa akagona kuti, achemwali? Ingotiuzani, tinazolowera."

"Momwemo."

"Tonse?"

"Nonse. Mikeka ndayala kale."

A Shalendra anali atayamba kale kukwera. Ankapalasa pang'onopang'ono, osathamanga. Atafika popumira anaima. Waisale anatambasula manja kuti akankhe, koma Torika anamutsina pantchafu.

"Mayo! Ndalakwanji?"

"Manja m'thumba."

Bambo aja anapuma, anayang'ana nyanja, nkupitiriza. Analowa pakhomo osagunda felemu. Pakati pa chipinda anazungulira kamodzi, nkuzunguliranso kachiwiri popanda chifukwa, ana akuwaombera m'manja. Kenako anatenga thawulo, analowa m'bafa nkutseka chitseko.

Madzi anayamba kumveka. Torika anagwira magudumu a njinga yake mwamphamvu, kudikira kuti amva mawu oitana thandizo.

Chimene chinamveka ndi nyimbo. Mawu aakulu, osasa, osatsata njira.

Kamla anagwira pakamwa. "Chidulireni miyendo, sanasambepo okha kuchilendo," anatero, misozi ili lengelenge m'maso. Kenako anaphulika nkuseka. "Ndipo kuimba satha, tamvani! Ngati mbuzi yomangidwa pamvula!"

"Ndakumva, Kamla!" anafuula a Shalendra m'bafamo, nkukweza nyimbo.

Torika anasiya magudumu aja. Anaseka, analira, nkupempha a Inoke kuti amupatse chakudya chake chija.

M'mawa mwake alendo anamwa tiyi wa masamba a mandimu ndi babakau zotentha, mandasi a kuno, ana akudontheza mafuta pamikeka. A Shalendra anatsika okha mpaka pagalimoto.

"Dandaulo ndili nalo limodzi, amayi," anatero. "Galasi lanu munaliika pabwino kwambiri. Landionetsa dazi limene sindinkalidziwa."

"Limenelo kadandaulireni kalipentala," anayankha Torika. "Naye lake ndi lalikulu kuposa lanu."

"Pobwerera tidzagonanso pano. Musapatse wina."

Sitima italira kudoko, Torika anali kuseri kwa nyumba akuyanika nsalu za pabedi pachingwe chofupika chimene amafikira yekha. A Inoke ankakolopa matope a magudumu pansi, akung'ung'udza nyimbo ya mlendo ija, molakwitsa chimodzimodzi.

Inu amene mukuwerenga, mwina kwinakwake anakuuzani kuti malo anu palibe, ndipo munakhulupirira. Torika sanasinthe mahotelo onse a m'dziko muno. Anamanga chipinda chimodzi, ndi zala zamatuza ndi msuweni wamakani, ndipo banja lina linagona pamodzi. Yambani ndi chimene chili pafupi nanu, itanani anzanu akugwireni dzanja. Mukalakwitsa, gumulani muyambirenso. Mtima wokha usagwe pansi.