Ulendo Wonse Ndili Duu

Kwathu ku Salimwe, dziko lakutali kuseri kwa nyenyezi, kulibe mtunda. Dziko lonselo ndi nyanja. Timabadwira m'madzi, kukwatirana m'madzi, kukangananso m'madzi momwemo. Inu obadwira ku Perth kuno mumangomva.

M'mawa umenewo ndinali m'munda wa amayi, ndikuthyola ndere uku ndikulongolola monga mwa masiku onse. Madzi ananjenjemera. Kenako anayamba kukoma chitsulo. Nkhondo imene tinkangoimvera kutali inali itafika pakhomo.

Mwambo wathu ndi wakuti pothawa, makanda amalowa m'kamwa mwa wamkulu. Wowanyamulayo sadya, salankhula, mpaka atapeza madzi ofunda ndi odekha. Akayasamula m'madzi ozizira, anawo amafa. Amayi anali atavulala chibwano. Anandiyang'ana ine, mtsikana wosatseka pakamwa, n'kuseka.

“Lero makutu athu apumako,” anatero. “Yasamula.”

Analowetsa azing'ono anga m'kamwa mwanga mofulumira, ine maso ali kumwamba. M'chombo cha m'mlengalenga munkayamba kulowa onyamula ana. Amayi anatsala kudikira chachiwiri.

Chombocho chinali chodzaza madzi, komanso anthu ofufuma masaya. Azing'ono anga ankandigirigisha kukhosi. Njala inandigwira, koma ndinkaopa ngakhale kumeza malovu. Chimene chinandipweteka koposa ndi bambo wina amene ndinayandikana naye. Ankafotokoza mbiri ya mudzi wathu molakwitsa, ine osatha kumukonza.

Tinagwera m'nyanja ya dziko lino, pafupi ndi tauni ya Rockingham. Madzi ake anali ozizira zedi. Nsagwada zanga zinayamba kunjenjemera zokha, ndipo ndinachita mantha kuti zitseguka.

Ndinavuukira pansi pa mlatho wa asodzi. Pamwamba pake panali munthu ali ndi mbedza, a Mbewe, Mmalawi amene ntchito ya kumigodi inali itawathera chaka chimenecho. Anandipatsa moni mwaulemu wonse. Chichewa ndinali ndisanachidziwe, komabe moni sasowa. Ine duu. Anabwereza. Ine duu. Manyazi anandigwira.

Kenako kamchira kanatulukira pamlomo panga, ine n'kukabweza ndi chala. A Mbewe anayang'ana masaya anga, n'kutulutsa foni.

“Amake Chisomo, atulutseni ana mu pulu. Kukubwera alendo, ndipo ndi ambiri kuposa mmene akuonekera.”

Anayala lona kumbuyo kwa pikiapu yawo, n'kuthiramo madzi ndi ndowa. Ananditenga ngati mtolo wa zovala zonyowa. Pa bampu iliyonse ankatulutsa mutu pawindo kupepesa.

Pulu uja, dziwe losambiramo la kunyumba kwawo, analikumbitsa m'masiku a migodi, ndipo linali la madzi amchere. Dzuwa linali litalitenthetsa tsiku lonse. Mayi Mbewe anaviikamo chigongono monga amachitira posambitsa khanda, n'kugwedeza mutu kuti lili bwino. Ana awo anaima m'mbali atafunda matawulo, akunong'onezana m'Chingerezi.

Ndinamira pansi, n'kuyasamula. Azing'ono anga anatuluka mmodzimmodzi, onse amoyo, n'kuyamba kuthamangitsana. Ndinasangalala mpaka kulira. Ndinayamba kulankhula pomwepo, ndipo a Mbewe amati sindinasiyebe.

Pomalizira penipeni panatuluka kamwana ka mizere yachikasu. Sikanali kathu. Kanali ka mayi woyandikana nafe nyumba, amene ankalimbirana malire a munda ndi amayi chaka ndi chaka. Amayi anakalowetsa osandiuza.

Chombo chachiwiri sichinafike. Kamwanako tinakalera. Ndi amene inu mumawatchula kuti azakhali aang'ono.