Aneba Anga ndi Galimoto Yawo ya Dizilo

Aneba anga, dalaivala wopuma pantchito wa pa Boma, nkhani yawo ndi imodzi basi: liwiro. Ukawapatsa moni, yankho limakathera pa galimoto yawo ya dizilo. Chigulireni mkamwini wawo galimoto yotchaja kumagetsi, yomwe imamwanso petulo, bambowa mtima suli m'malo.

"Ya akamwini imadzuka msanga, zimenezo sindikana," amatero akupukuta galasi. "Koma pamsewu wautali wa ku Balaka, yanga ikatenthedwa, iwo amatsala akununkhiza utsi."

Loweruka lina, tsiku la msika, anakapikisana ndithu. Ponyamuka mkamwini anatsogoladi. Aneba anakamupitirira pokhota, pomwe mwana wanga Sabina ankakankha njinga ya tomato. Galimoto yawo inamugunda mwanayo, mwendo unathyoka pawiri.

Kuchipatala aneba anabwera ndi nthochi m'manja. Anayang'ana chikhakha cha Sabina n'kupukusa mutu, ine n'kumati apepesa.

"Muthokoze Mulungu kuti inali yanga, amake Sabina. Ya akamwini simveka ikamabwera." Kenako anatsitsa mawu. "Komatu ndinali nditawadutsa kale."

Galimoto ija anaiwongola sabata yomweyo. Sabina akutsimphinabe mpaka lero.